Chidziwitso: mtsutso wa India ndi Japan Loweruka lino

Mamembala a gulu la debate,

Loweruka lino tikumana 2 koloko masana mu kalasi yathu ija ya nthawi zonse, mutu ndi ubale wa India ndi Japan. Kwa amene mwaiwala, mu 2014 nduna zazikulu Narendra Modi wa India ndi Shinzo Abe wa Japan anaukweza ubalewu nkuupatsa dzina loti Special Strategic and Global Partnership, ndiye funso ndi loti awiriwa agwirizana chifukwa cha geni kapena onse akungoopa China?

A mbali ya geni mukonzekere bwino nkhani ya njanji ya sitima yothamanga ya Mumbai mpaka Ahmedabad, makilomita 508, ngongole yake ndi ya JICA (bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko), chiwongola dzanja 0.1% yokha kubweza zaka 50, koma dziwani anzanu akupanani poti ntchito anaikhazikitsa 2017 ndipo yachedwa heve. Delhi Metro nayonso ndalama zambiri zinachokera ku Japan, muitchule. A mbali ya chitetezo (zoopa China zija) inu zanu ndi Quad, mgwirizano wa mayiko anayi momwe mulinso America ndi Australia, komanso zoyeserera za asilikali apamadzi za Malabar. Wina atifotokozereko za Asia-Africa Growth Corridor, pulani ya India ndi Japan ya chitukuko mu Africa ya 2017 ija, ineyo ndimaona ngati inangothera pa pepala.

Aliyense abwere ndi K2,000 ya zakumwa ndi mandasi, kope, cholembera ndi mfundo zake atalemba kale, zowerenga pa foni uli kutsogolo ayi. Amene muli ndi ngongole ya mwezi watha mubweretseretu.

Yankhani "ndibwera" ndi mbali yomwe mwasankha pasanafike Lachinayi 6 koloko madzulo, osayankha timuika tokha komwe kwachepa anthu.