Oyilo wakuda pa mashoko a njinga ayi

Akonzi,

Ndiyankhuleko za njinga zamashokozi. Yanga ndinagula yakaunjika, foloko yake imabwerera bwinobwino m'mabampu, ndiye tsiku lina wokonza njinga wina pamsika anathira oyilo wakuda wagalimoto pa timapaipi tonyezimira ta folokoyo ati izifewa, koma abale fumbi lonse la mu Okutobala linakakamira pomwepo mpaka kudya timalabala totchinga tija, pano foloko ili gwa ngati mpini wa khasu, pofika ku Area 25 manja achita kale dzanzi.

Anzanga mukatsika muzingopukuta timapaipito ndi kansalu koyera basi, timapaipi tikangokandika kapena kuchita dzimbiri ndiye zatha. Foloko ikayamba kugogoda kaitsegulitseni apake girizi watsopano mkatimo. Ine pano ndikusaka foloko ina, mitengo yake eeh.

Wokwera njinga,
Lilongwe