Lipoti la msonkhano wa ku Pune: nkhani ya chiyankhulo cha Waddar

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la ophunzira a ku Malawi kuno ku India,

Munandituma ku msonkhano wa aphunzitsi ndi ophunzira za ziyankhulo ku Pune. Nkhani zing'onozing'ono tinathana nazo m'mawa momwe. Yomwe inatikhalitsa mpaka madzulo ndi ya chiyankhulo cha Waddar, chomwe ena amati Vadari.

Eni ake kuyambira kale amadya za thukuta: kuphwanya miyala, kukumba zitsime ndi maiwe, kulambula misewu. Ntchito yomweyo ndiyo inawamwaza m'zigawo za Maharashtra, Karnataka, Telangana ndi Andhra Pradesh. Atsamunda a ku Britain analemba ena mwa iwo pansi pa lamulo la Criminal Tribes Act, loyamba mu 1871, lomwe linkatenga mtundu wonse ngati mbava zobadwa nazo. Linathetsedwa m'dziko lonse mu 1952, koma chitonzo sichitha ndi lamulo. Aphunzitsi ena amati ichi ndicho chimachititsa achinyamata kubisa chiyankhulo chawo akakhala pagulu.

Kalembera wa 2011 anapeza ochiyankhula pafupifupi 200,000, koma anawawerengera pansi pa chiyankhulo cha Telugu, chomwe chili ndi anthu oposa 80 miliyoni. N'zoona, ziwirizi n'zapachibale, zonse za banja la ziyankhulo lotchedwa Dravidian. Koma taganizani mwana wa kuno ku Maharashtra: kunyumba Waddar, kusukulu Marathi, m'mabuku a boma ati ndi wa Telugu, chonsecho buku la Telugu sangaliwerenge chifukwa zilembo zake n'zina. Ndondomeko ya maphunziro ya 2020 imalimbikitsa kuti mwana aphunzire m'chiyankhulo cha makolo mpaka kalasi 5. Nanga uyu apatsidwa buku liti?

Apa ndiye panabuka mkangano wa zilembo zolembera mabuku a Waddar. A ku Maharashtra akufuna zilembo za Devanagari zomwe amalembera Marathi, a ku Karnataka za Kannada, enawo za Telugu, aliyense kukokera kwake. Tinabalalika osamvana.

Ine ndinaona kuti zilembo zingadikire, koma agogo odziwa nyimbo ndi mayina a zipangizo za miyala sangadikire. Ndinagwirizana ndi omwe amati tiyambe n'kujambula mawu awo pa foni, eni ake atavomera.

Pempho lomwe a ku msonkhanoko andituma nalo ndi ili: akufuna odziwa kompyuta oti athandize kusanja ndi kusunga zojambulidwazo. Sindinalonjeze kanthu m'dzina la gulu. A Wapampando, chonde muiike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana tikadzakumananso.

Ine nthumwi yanu.