Kagalu kathu kayamba kubisala pochita chimbudzi, ndithandizeni

Okondedwa Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Kalongwezi mumzinda wa Chipata, ndipo ndalemba kalatayi chifukwa nkhani ya kagalu yatsala pang'ono kundiyambanitsa ndi apongozi anga, omwe tikukhala nawo kuyambira pamene anabwera kuchokera kumudzi kudzalandira chithandizo cha miyendo. Ndikudziwa kuti ena aseka poona munthu wamkulu akuvutitsa nyuzipepala ndi nkhani ya galu, koma amene anakolopapo mkodzo pasimenti m'bandakucha asanapite kuntchito andimvetsa.

Kagaluka tinakatenga kwa alamu anga ku Katete kumapeto kwa May, kali ndi masabata 8, akuba atatibera nkhuku kawiri m'mwezi umodzi. Ana anakatcha Kambuku chifukwa cha mawanga ake. Sitinafune galu wogona pasofa ngati aja a pa TV. Tinkafuna mlonda wa pakhomo. Koma titapita nako kukabayitsa katemera woyamba, dokotala wa ziweto anatichenjeza kuti kasayendeyende pamene agalu ena amachita chimbudzi mpaka katamaliza katemera wa parvo, matenda aja osanzitsa ndi otsegula m'mimba magazi, amene amapha tiagalu m'masiku ochepa ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Mpanda wathu ndi waudzu, agalu a anansi athu amalowa mmene afunira, ndiponso kuzizira kwa June kuno mukukudziwa. Choncho tinagwirizana kuti kazigona m'khitchini, m'katoni yoyalamo thumba ndi juzi yakale, kufikira katakhwima. Katemera wa chiwewe kanalandira katakwanitsa miyezi 3, ndipo wotsiriza wa parvo watsala masabata awiri.

Masiku oyamba kankakodza paliponse pamene mkodzo wakapeza, ndipo ine sindinadabwe, pakuti khanda ndi khanda. Amene sanapirire ndi apongozi ndi amuna anga. Iwo anakulira pamudzi pamene galu wolakwitsa amagwidwa pakhosi, kum'nunkhizitsa zimene wachitazo, kenako kum'menya kuti asadzayambirenso. Tsiku lina Loweruka ndikuchokera kumsika wa Kapata ndinapeza apongozi atakapanikiza mphuno pamadzi amene anali atayamba kale kuuma pafupi ndi chitseko, patapata ali m'manja, kagalu kakulira mokuwa ndi kukodzanso chifukwa cha mantha. Nditawafunsa mwaulemu anandiyankha kuti, “Mwana wanga, galu amamva ndi mkwapulo, mawu ndi a anthu.” Sindinawabweze mawu. Zimenezi zinachitika mwina kasanu kapena kasanu n'kamodzi, zina ine kulibe.

Chimene chatsatira ndicho chandisowetsa mtendere. Kambuku sanasiye kuipitsa m'nyumba. Wangophunzira kuti kuchita zimenezi pamaso pa munthu n'koopsa. Tsopano amazemba mwakachetechete kupita kuseri kwa sofa kapena kunsi kwa bedi la ana, ndipo timadziwa ndi fungo basi. Ndikam'tulutsa panja n'kuima naye, amangondiyang'ana mchira uli pakati pa miyendo, osachita kanthu ngakhale tikhale theka la ola pamphepo, koma tikangolowa, ine n'kutembenuka kuti nditenge ketulo, ntchito yatha kuseri kwa sofa. Apongozi amati chimenechi ndi mwano ndi chipongwe. Ine ndikuona ngati ndi mantha amene tinam'patsa tokha, ndipo funso langa lalikulu ndi lakuti: kodi galu amene waopsezedwa chonchi angathe kukhulupiriranso munthu n'kuyamba kuchita chimbudzi panja ife tikuona, nanga zingatenge nthawi yotani?

Si kuti sindinafunse kwina. Dokotala uja anandiuza kuti kagalu kamasunga mkodzo pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake, kutanthauza kuti wathuyu masana sangapyole kwambiri maola atatu kapena anayi. Anati ndizim'tulutsa akangodzuka, akangomaliza kudya, akatha kusewera ndiponso tisanagone, nthawi zonse pamalo amodzi, ndipo akachita ndizim'yamikira pomwepo ndi kum'patsa kanthu kokoma, osadikira kuti tilowe kaye m'nyumba. Anawonjeza kuti galu sagwirizanitsa chilango ndi chinthu chimene anachita ola lapitalo, ndipo ndikam'gwira ali mkati mochita ndingom'nyamula modekha kupita naye panja. Ndinasankha pangodya ya mpanda kuseri kwa mtengo wa mango, ndinatchingirapo ndi malata akale kuti agalu ena asafikepo, ndipo m'thumba la chitenje mwanga simusowa kapenta. Loweruka ndi Lamlungu, pamene ndili pakhomo tsiku lonse, zimaoneka ngati zikuyenda: sabata yatha anakodza pamalopo kawiri, ine nditayang'ana kumbali ngati sindikumuona.

Lolemba likafika zonse zimabwerera pakale. Ndimachoka 6 koloko m'mawa n'kubwera cha m'ma 4 koloko madzulo, amuna anga amafika mdima utagwa, ana awiri akulu amakhala kusukulu, ndipo pakhomo pamatsala apongozi, mtsikana wotithandiza ntchito ndi mwana wamng'ono. Mtsikanayo amaopa agalu chibadwire. Apongozi anandiuza poyera kuti sanakalambire kudzakhala wantchito wa galu, ndipo kunena zoona, ndi miyendo yawoyo sindingawaumirize kutuluka maola atatu alionse. Ndinayesa kum'tsekera Kambuku m'bafa nditayala manyuzipepala, koma analira mpaka anansi anadandaula, manyuzipepalawo n'kuwang'amba onse. Ndamva kuti galu sakonda kuipitsa pamene amagona ndipo ena amagwiritsa ntchito kakhola kakang'ono pomuphunzitsa, koma kodi si nkhanza kum'tsekera maola 10 pamene thupi lake silingasunge mkodzo nthawi yonseyo?

Kadyedwe nakonso kakusokoneza. Ine ndimafuna kuti azidya katatu pa nthawi zodziwika kuti ndizidziwanso nthawi yotuluka, koma pakhomo pano aliyense amene watsala ndi mbamu ya nsima amam'ponyera, ana amam'patsa mkute mobisa, ndipo apongozi omwewo, ngakhale amam'kalipira, ndinawaona akum'nyemera mbatata.

Palinso nkhani ya fungo. Pansi pathu ndi pasimenti yopaka polishi wofiira wa Cobra, ndipo ngakhale ndikolope ndi sopo ndi Jik mpaka manja kuwawa, Kambuku amabwerera pamalo omwewo ngati pali chikwangwani. Ndinauzidwa kuti mphuno yake imamvabe zimene ife sitimva, ndiponso kuti mankhwala okolopera okhala ndi amoniya amangoonjezera vuto chifukwa amanunkha ngati mkodzo. Mankhwala apadera ochotsa fungolo ndawafuna m'masitolo angapo m'tauni osawapeza. Kodi viniga wosakaniza ndi madzi angakwanire, kapena ndichotse polishi yense kuseri kwa sofako ndiyambirenso?

Chimene chikundiumiriza kufulumira ndi mwana wamng'onoyo, amene ali ndi miyezi 9 ndipo wayamba kukwawa, chilichonse chimene watola n'kuponya m'kamwa. Kambuku anamwa mankhwala a njoka zam'mimba monga mmene dokotala ananenera, komabe ndikudziwa kuti mazira a njokazi amatuluka ndi ndowe za tiagalu ndipo amatha kudwalitsa ana. Pa mfundo imeneyi apongozi akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake zikundivuta kutsutsana nawo pa zinazo. Amanenanso kuti galu wolera ndi kapenta ndi mawu okoma amakula wofatsa, wogwedezera akuba mchira. Kodi m'menemu muli choonadi? Ngati mulibe, ndingawafotokozere bwanji mayi amene anabereka amuna anga, amenenso asunga agalu zaka zambiri kuposa zimene ine ndakhala ndi moyo, kuti asiye patapata uja, popanda kuoneka ngati mpongozi wamwano amene waika galu patsogolo pa makolo?

Amuna anga anena kuti akangolandira katemera wotsirizayo, Kambuku apita panja pa tcheni, ndipo akapitiriza kulira usiku abwerera ku Katete. Kugona panja sindikukana, ndicho tinam'tengera, koma tcheni cha usana ndi usiku mtima wanga ukuchikana, ndipo ana ayamba kale kulira. Ndatsala ndi masabata awiri, Aphungu. Ndiyambire pati?

Ine wanu wosowa mtengo wogwira,
Mayi wa ku Kalongwezi, Chipata