Lipoti la msonkhano wa apolisi ndi makomiti a chitetezo cha m'midzi

A Gulupu, mafumu athu ndi anzanga a m'komiti ya chitetezo,

Madandaulo awiri amene mudandituma nawo ku boma Lachinayi ndidakawatula onse.

Ndidayamba ndi la mbava za mbuzi: timagwira, timakapereka, mkuja tizipeza zikumwa kachasu pamsika. Holo yonse idang'ung'udza, ndiye ndidadziwa kuti chilondachi si chathu chokha. Wapolisi woona za milandu adati gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limafuna kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, apo ayi atulutsidwe. Adati belo si kutha kwa mlandu, komanso belo ya apolisi ndi yaulere. Kenaka adatiloza chala ife, kuti milandu imafa chifukwa mwini mbuzi ndi mboni zake sabwera kukhoti. Apa ndidaweramitsa mutu, pakuti tonse tikudziwa kuti zimachitika. Komabe ndidafunsa kuti munthu angapite bwanji pa tsiku limene sadauzidwe? Nanga akaona wakuba uja akudutsa pakhomo pake popanda womufotokozera, angaganize china chosakhala ziphuphu? Adalonjeza kuti wodandaula aziuzidwa nambala ya mlandu ndi tsiku lakukhoti. Kwa ine, chenicheni chimene ndabwera nacho ndi chimenechi, bola achisunge.

Pa dandaulo lachiwiri, la mafuta a galimoto ya apolisi, ndabwerako chimanjamanja. Apolisi sadakane kuti odandaula ena amauzidwa kugula mafuta, adangoti ndalama ndi zochepa.

Mayi wina adakumbutsa za ku Msundwe mu 2019, pomwe khoti lidalamula mu 2020 kuti amayi 18 ochitidwa nkhanza ndi apolisi alandire chipepeso. Adafunsa kuti wapolisi akalakwa tikamunenere kwa yani, kwa mnzake? Apolisi adatiuza za Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, lochokera m'lamulo la apolisi la 2010. Ambiri tidali kulimva koyamba.

Nafenso tidadzudzulidwa: a komiti asamamenye wogwidwa, ndipo nkhalamba yonenedwa ufiti tiziitchinjiriza, zija za ku Neno mu 2016, pomwe nkhalamba zidaphedwa poganiziridwa ufiti, zisafike kuno.

Loweruka ndikupempha tisankhe munthu wosunga kope lolembamo nambala za milandu ndi masiku akukhoti. Tikambiranenso zosonkherana kangachepe ka kabaza wa mboni.

Ine nthumwi yanu.