Bambo anga akuti amayi si mkazi wawo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi mabanja amene akusamalira wodwala yemwe wayamba kukana abale ake enieni. Sindikunena za kuiwala kumene timakuona kwa okalamba, agogo kulephera kukumbukira dzina la mdzukulu. Ndikunena za munthu amene akuyang'ana mkazi wake m'maso, nkhope akuidziwa bwinobwino, koma n'kumanenetsa kuti ameneyu si iye, ndi munthu wina wongofanana naye amene walowa m'malo mwake. Madokotala amalitchula vutoli kuti Capgras, potengera dzina la Joseph Capgras, dokotala wa matenda a maganizo wa ku France. Mu 1923, iye ndi mnzake Jean Reboul-Lachaux analemba za mayi wina amene ankakhulupirira kuti mwamuna wake ndi anthu ena omuzungulira achotsedwa, m'malo mwawo mwaikidwa ena ofanana nawo.

M'banja mwathu zinagwera bambo anga. Zinayamba pang'onopang'ono: kuyenda mokokera miyendo, kuona anthu pakona pa chipinda pomwe palibe aliyense, lero mutu uli bwino mawa wasokonezeka. Kenako madzulo ena amayi anabwera ndi madzi ndi mankhwala monga mwa masiku onse. Bambo analandira kapu mwaulemu, n'kuthokoza mmene amathokozera alendo. Amayi atatuluka, anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Mwananga, mayi ameneyu wachokera kuti? Wafanana kwambiri ndi amayi ako, ngakhale kachipsera ka pachibwano kaja ali nako. Koma si iwo. Amayi ako mwawapititsa kuti?"

Amayi anakatenga chithunzi cha tsiku la ukwati wawo. Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali, misozi ili lengelenge, n'kunena kuti, "Eya, mkazi wanga ndi ameneyu. Inu mayi, chithunzichi mwachitenga kuti?" Amayi anatchula mayina a ana onse, anakumbutsa zinthu zimene ankazidziwa awiri okha. Zonsezo zinangowonjezera mantha a bambo, chifukwa tsopano mlendoyo ankaoneka kuti wafufuza zinsinsi za banja.

Apa ndi pamene ndikufuna owerenga amve bwino, chifukwa mabanja ambiri amataya mphamvu zawo pa kutsutsana. Umboni sugwira ntchito, ndipo pali chifukwa chake. Mu 1990, akatswiri awiri a ku Britain, Hadyn Ellis ndi Andrew Young, anafotokoza kuti ubongo ukaona nkhope umachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mbali ina imazindikira kuti maso awa, mphuno iyi ndi za uje. Mbali ina imabweretsa kachisangalalo kapena kamtendere kamene timamva tikaona munthu wathu, kamene sitikazindikira n'komwe chifukwa kamabwera kokha. Kwa wodwala Capgras, mbali yoyambayo ili bwino koma yachiwiriyo yaduka. Maso akuti ndi mkazi wako, mumtima muli zii. Mu 1997 anayeza zimenezi poona mmene khungu limatulutsira kathukuta munthu akaona nkhope yodziwika. Kwa anthu abwinobwino khungu limasintha pang'ono, koma kwa odwalawa nkhope ya wodziwika ndi ya mlendo zinali chimodzimodzi. Akatswiri ambiri amawonjezeranso kuti mbali ya ubongo imene imatithandiza kukana ganizo losamveka imakhala nayonso yavulala. Ndiye wodwala akagamula kuti uyu ndi wachinyengo, palibe chomubweza.

Nditamva zimenezi ndinawauza amayi mawu amene ndikufuna aliyense wokanidwa motere awamve: bambo sakukudani. Amene amakanidwa kawirikawiri ndi munthu wapamtima kwambiri, chifukwa pa iyeyo ndi pamene kusowa kwa kumverera kuja kumaonekera kwambiri. Bambo ankalira usiku kufuna mkazi wawo, mkaziyo atakhala pampando pafupi ndi bedi.

Chimene chinatithandiza ndi mawu. Chaka chomwecho cha 1997, akatswiri ena awiri, William Hirstein ndi V. S. Ramachandran, analemba za mnyamata amene anavulala mutu pa ngozi ya galimoto. Akaona makolo ake ankati ndi achinyengo, koma akalankhula nawo pa foni ankawazindikira. Ifenso tinayesa. Amayi anatuluka panja n'kuimba foni. Bambo atangomva mawu anawala nkhope: "Muli kuti nthawi yonseyi? Bwerani msanga, kuno kwabwera mlendo." Kuyambira pamenepo amayi amayamba kulankhula ali kuseri kwa chitseko asanalowe, ndipo zikavuta amatuluka, n'kudikira kanthawi, n'kubweranso akulankhula. Sizitheka tsiku lililonse ndipo si odwala onse amene zimawathandiza, koma masiku amene zatheka m'nyumba mumakhala bata. Ine bambo akandifunsa za mlendoyo sindiwatsutsa, komanso sindivomereza kuti ndi wachinyengo. Ndimangoti, "Ababa, mwawasowa amayi eti? Musade nkhawa, muli pabwino, ine ndili pompano."

Capgras si nthenda payokha, ndi chizindikiro chakuti mu ubongo muli vuto. Imatha kubwera ndi matenda a maganizo otchedwa schizophrenia, sitiroko, khunyu, kuvulala mutu, matenda oiwalaiwala otchedwa Alzheimer, kapena ena oiwalaiwala otchedwa Lewy body amene bambo anga anawapeza nawo. Palinso lina lofanana nalo lotchedwa Fregoli, limene linalembedwa mu 1927 ndipo linatengera dzina la Leopoldo Fregoli, katswiri wa zisudzo wa ku Italy wodziwika ndi kusintha zovala ndi maonekedwe mwachangu. Pamenepo wodwala amakhulupirira kuti alendo osiyanasiyana amene akukumana nawo ndi munthu mmodzi womulondola amene akungodzisintha. Onsewa ndi ofunika dokotala. Ngati zayamba mwadzidzidzi kwa munthu wokalamba, musachedwe, chifukwa ngakhale matenda a m'chikhodzodzo kapena a m'mapapo amatha kusokoneza mutu, ndipo amenewo amachizika. Musamupatse mankhwala a misala amene anatsala kwa wodwala wina. Anthu a Lewy body amatha kudwala modetsa nkhawa ndi mankhwala ngati haloperidol.

Pali chinthu china chimene mabanja amachita nacho manyazi. Munthu amene akukhulupirira kuti m'nyumba mwake mwalowa wachinyengo, yemwe mwina wabisa mkazi wake weniweni, akhoza kumenya. Bambo anga sanakwezepo dzanja pa amayi moyo wawo wonse, koma usiku wina tinawapeza ataima pakhomo la chipinda ndodo yawo yoyendera ili m'mwamba, thupi lonse likunjenjemera. Anali ndi mantha, osati nkhanza. Komabe ndodo ya munthu wamantha imavulaza. Tinachotsa mipeni pamalo oonekera, ndipo mutu wa bambo ukasokonezeka amayi sakhala nawo okha.

Pempho langa lipite kwa achibale ndi kwa ogwira ntchito m'zipatala. Achibale, musamangobwera kudzauza wokanidwayo kuti apirire kenako n'kumapita. Gawanani masiku, mugoneko, iye akapume kwina. Amayi anga anaonda kuposa wodwalayo, ndipo sankadandaula kwa aliyense poopa kuti anthu aziti atopa ndi mwamuna wawo. Madokotala ndi anamwino, mukamaona wodwala woiwalaiwala, muitanireni pambali amene akumusamalira, mumufunse mwachindunji ngati wodwalayo anayamba wanenapo kuti womusamalirayo ndi wachinyengo, komanso ngati akuopa kugona naye m'chipinda chimodzi. Amayi anga sakanayamba okha kunena zimenezi pamaso pa bambo.

Ine wanu,
Mwana wa wodwala