Kachilumba ka Nauru kanapita ndi feteleza

Akonzi,

Mukamalemba za migodi, ine ndimakumbukira Nauru, kachilumba ka m'nyanja ya Pacific kongoposa Likoma pang'ono.

Eni ake anali mafuko 12, n'chifukwa chake nyenyezi ya pambendera yawo ili ndi nsonga 12. Mwana ankatsata mtundu wa amayi ake, ngati kwathu kuno. Ankagwira tiana tansomba kunyanja n'kukatiponya m'dziwe la Buada kuti tikule, ndiwo osasowa.

Ajeremani analanda chilumbachi mu 1888. Kenaka wofufuza miyala wina, Albert Ellis, anatulukira kuti kamwala kochokera ku Nauru, komwe ankatchingira chitseko mu ofesi ina ku Sydney, kanali fosifeti wopangira feteleza. Kamwala kachabechabe! Basi, kukumba kunayambika. Itatha nkhondo yoyamba ya padziko lonse, Australia, Britain ndi New Zealand anagawana phindu, minda yawo n'kumabiriwira. Mu 1943 Ajapani anasamutsira anthu pafupifupi 1,200 ku zilumba zina zotchedwa Truk, ndipo mazanamazana anafera komweko.

Ufulu unabwera mu 1968, koma boma lawolawo linapitiriza kukumba. Apa sindingawaikire kumbuyo. Lero pakati pachilumbachi pangotsala miyala yosongoka, posalimika. Australia anavomera kulipira chifukwa choononga nthaka mu 1993, dziko la Nauru litamutengera kukhoti la padziko lonse la ku The Hague.

Wowerenga wanu,
Nkhotakota