Kalata kwa bwenzi langa ku Cardiff: mbiri ya asilikali a South Wales Borderers

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Zomba tili bwino ndithu. Popeza mwati mukukonza zopita ku Brecon kukaona nyumba yosungiramo zinthu zakale za asilikali, ndaganiza zokulemberani mbiri ya gulu la South Wales Borderers musananyamuke. Kumeneko maso anu akathamangira mamendulo a nkhondo ya ku Rorke's Drift, ku South Africa, imene asilikaliwa anamenyana ndi Azulu mu 1879, pamene gawo lalikulu la ntchito ya gululi linali kupita kulikonse kumene Britain inkafuna kulanda dziko la eni ake, kapena kusunga lomwe inalanda kale.

Gululi, lomwe linali la asilikali oyenda pansi, silinabadwire ku Wales ayi. Analikhazikitsa ndi Sir Edward Dering m'chaka cha 1689 kuti likamenyere nkhondo Mfumu William III ku Ireland, ndipo pambuyo pake linapatsidwa nambala 24, kenako mu 1782 linayamba kutchulidwa ndi dzina la dera la Warwickshire ku England. Maulendo ake akunja anali ochuluka, ndipo ambiri sanathe bwino. Mu 1741 ku Cartagena, m'dziko lomwe lero ndi Colombia, matenda anapulula asilikali kuposa mmene adani anachitira. Mu 1777 gululi linali pakati pa amene anagonja ku Saratoga pa nkhondo imene Amereka ankamenyera ufulu wawo. Linakafika ku Egypt mu 1801, n'kuthandiza kulanda Cape kwa Adatchi mu 1806, ndipo mu 1810 asilikali ake ambiri, ali pa ulendo wa ku India, anagwidwa ndi zombo za Afalansa pafupi ndi zilumba za Comoros.

Ku India n'kumene gululi linaona zakuda pamaso pa anthu amene linkafuna kuwagonjetsa. Pa 13 Januwale 1849, ku Chillianwala m'chigawo cha Punjab, asilikali ake analowa m'tchire lowirira kulunjika pamene panali mizinga ya Asikh, akudalira mipeni ya kunsonga kwa mfuti m'malo moombera. Ophedwa ndi ovulala anapitirira 500, ndipo mbendera ya Mfumukazi inatayika. Ngakhale zinali choncho, Punjab inalandidwabe chaka chomwecho, zomwe zikuonetsa kuti atsamunda ankatha kugonja pa tsiku limodzi koma n'kupambana nkhondo yonse, chifukwa anali ndi chuma komanso zombo zobweretsera asilikali ena.

Zomwezi zinachitikanso kummwera kwa Africa. Atatha kumenyana ndi Axhosa mu 1877 ndi 1878, mabataliyoni onse awiri a gululi anatumizidwa ku Natal, kumene Sir Henry Bartle Frere, mkulu woimira boma la Britain kummwera kwa Africa, anali atatumizira Mfumu Cetshwayo kaMpande malamulo amene ankadziwa bwino kuti mfumu iliyonse singawavomere, makamaka lakuti athetse dongosolo lonse la asilikali a Azulu m'masiku 30. Nkhondoyi anachita kuiputa dala. Pa 11 Januwale 1879 Lord Chelmsford, mkulu wa asilikali a Britain, anawoloka mtsinje wa Mzinyathi, ndipo pa 20 Januwale anakamanga msasa patsinde pa phiri la Isandlwana, koma sanakumbe ngalande kapena kutchinga msasawo ndi ngolo, poganiza kuti anthu a mikondo ndi zishango sangayerekeze kuyandikira mfuti za Martini-Henry. M'mamawa wa pa 22 Januwale anatenga gawo lalikulu la asilikali n'kupita kukasaka adani kutali, osadziwa kuti Azulu pafupifupi 20,000, motsogozedwa ndi Ntshingwayo kaMahole, anali atabisala m'chigwa chapafupi.

Azulu anaukira monga mwa chizolowezi chawo: gulu lapakati linalimbana ndi adani maso ndi maso, pamene magulu a m'mbali anazungulira ngati nyanga za ng'ombe mpaka kutseka njira ya kuseri kwa phiri. Pofika madzulo anthu oposa 1,300 a mbali ya Britain anali atafa, mwa iwo pafupifupi 600 a gulu la 24, ndipo ambiri mwa ena amene anafawo anali anthu akuda a Natal Native Contingent, gulu lothandiza asilikali a Britain, amene mayina awo satchulidwa kawirikawiri. Azulu nawonso anataya amuna osachepera 1,000. Masana a tsikulo kunachita kadamsana, chinthu chimene chimandikumbutsa za Angoni a Zwangendaba, ochokera chakomweko, amenenso anawoloka Zambezi pa tsiku la kadamsana mu 1835.

Akuluakulu awiri a asilikali, Melvill ndi Coghill, anaphedwa m'mbali mwa Mzinyathi akuyesa kupulumutsa mbendera ya Mfumukazi, imene inakokoloka ndi madzi n'kudzapezeka patapita masiku angapo. Mbendera yomweyo ili m'tchalitchi chachikulu cha ku Brecon, choncho musalephere kulowamo.

Madzulo a tsiku lomwelo Azulu ena pakati pa 3,000 ndi 4,000, motsogozedwa ndi Dabulamanzi kaMpande, anawoloka mtsinje n'kuukira Rorke's Drift, malo a mishoni amene anasandutsidwa chipatala ndi nkhokwe. Pamenepo panali amuna pafupifupi 150, ambiri a iwo a gulu la 24, pansi pa John Chard ndi Gonville Bromhead. Iwo anamanga linga ndi matumba a chimanga komanso mabokosi a mabisiketi, ndipo chipatala chitayaka moto anaboola makoma a zipinda n'kumakoka odwala kudzera m'mabowomo. Kunja kukucha Azulu anabwerera atasiya mitembo yoposa 350, pamene oteteza malowo anafa 17.

Kulimba mtima kwa amunawo sindikukutsutsa ngakhale pang'ono. Chimene ndikufuna muchione ndi chakuti mamendulo 11 a Victoria Cross (mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima pa nkhondo ku Britain), asanu ndi awiri mwa iwo a gulu la 24, anaperekedwa pa nkhondo yaing'ono chotere pa nthawi imene boma linkasowa nkhani yabwino yophimbira manyazi a ku Isandlwana. Ngakhale Sir Garnet Wolseley, amene analowa m'malo mwa Chelmsford, ankaona kuti ulemuwo unapyola muyezo. Pa 4 Julaye 1879 Azulu anagonjetsedwa ku Ulundi, likulu la mfumu linatenthedwa, Cetshwayo anagwidwa mwezi wotsatira, ndipo dziko lake linagawidwa kwa mafumu 13 kuti lisadzagwirizanenso.

Dzina lakuti South Wales Borderers linabwera mu 1881, ngakhale kuti likulu la gululi linali ku Brecon kuyambira 1873. N'chifukwa chake ambiri mwa amene anamenya nkhondo ya 1879 sanali a ku Wales monga anthu amaganizira. Ndi dzina latsopanoli gululi linabwereranso ku South Africa mu 1900 kukamenyana ndi Mabunu, linathandiza Ajapani kulanda Tsingtao kwa Ajeremani mu 1914, linakhetsa magazi ku Gallipoli mu 1915, ndipo m'zaka za m'ma 1950 linatumizidwa ku Malaya, kumenenso asilikali athu a King's African Rifles anakagwira ntchito yomweyo m'nkhalango. Mu 1969, maiko olamulidwa ndi Britain atachepa, linaphatikizidwa ndi Welch Regiment kukhala Royal Regiment of Wales, ndipo kuyambira 2006 mbiri yake ili m'manja mwa gulu la Royal Welsh, limene mu 2019 linalandira Mfumu Goodwill Zwelithini ya Azulu ku Brecon pokumbukira zaka 140 chichitikireni nkhondo ya 1879 ija.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine bwenzi lanu,
wa ku Zomba